Za Bwalo la pa Mudzi, Kuti Ndilo Sukulu ya Akulu



Nyengo ino ndiyo imene dziko lathu la Mposa lipuma pang'ono. Mpunga wa ku Domasi wamwetedwa ndi kupunthidwa, chimanga chiri m'nkhokwe kwa amene anapata, ana atsekera sukulu, ndipo dzuwa likangolowa ng'oma ziyamba kuitanizana, pano ya manganje, uko ya beni, kufikira tambala woyamba. Chaka ndi chaka pa nyengo yotere Akristu amadza kwa ine ndi funso limodzi lomwe, nati: Aphunzitsi, kodi Mkristu angapite kukaonera magule a anansi ache, kapena kutero nkuchimwa? Funsoli ndi labwino, ndipo ndidzaliyankha monga ndingathe. Koma liripo lina loliposa, limene palibe amandifunsa, ndilo ili: popita ku bwalo tipita ndi chiani m'manja, ndipo pobwerako tibwera ndi chiani m'mutu?

Yambani mwaona dziko limene Mulungu anatiikamo. Kumpoto kuli mapiri a Chikala, kumene mfumu Kawinga anamanga linga lache, kufikira asilikali a Boma la Angerezi analigonjetsa m'chaka cha 1895. Kumunsi kuli nyanja ya Chilwa, imene David Livingstone anaiona m'mwezi wa Epulo 1859, nyanja imene mitsinje ilowamo koma palibe ndi umodzi womwe wotulukamo. Pakati pa phiri ndi nyanja tikhala ife: Anyanja amene anayamba kuvuula nsomba kuno, Ayao amene anatsika m'zaka za m'ma 1800, ndi Alomwe amene anaoloka malire pothawa nkhanza za Apwitikizi. Ambiri a anansi athu ndi Asilamu; alipo Aanglikani, alipo a mpingo wa CCAP, ndipo ife Akatolika tiri ochepa. Pa Lachisanu iwo alowa mu mzikiti, pa Lamulungu ife tilowa m'tchalitchi, ndipo kumunda yense ali pa ndime yache. Malo amene tikomana tonse ndi atatu okha: pa maliro, pa msika, ndi pa bwalo. Pa maliro tilira, pa msika tikangana za mitengo ya malonda. Pa bwalo pokha ndi pamene tikhala pansi ndi mtima wofatsa, wina nalankhula, ena namvera.

Tsono ndinena kuti bwalo ndilo sukulu ya akulu, ndipo ndiyamba ndi beni. Ana amuyesa masewera chabe: anyamata ovala monga asilikali, malamba m'chiuno, mamendulo a zitsekerero za mabotolo pa chifuwa, kapitao patsogolo ndi mluzu wache. Koma gule ameneyu ndi buku la mbiri. Dzina lache lichokera ku mau a Chingerezi otchulira gulu la asilikali oliza malipenga. Anayambira ku gombe la nyanja yamchere, pakati pa Aswahili a ku Mombasa ndi Lamu, chaka cha 1900 chisanafike, ndipo anafalikira kuno ndi anthu obwera ku nkhondo ya 1914 kufikira 1918, imene makolo anaitcha nkhondo ya Chiwaya. Zomba, kumene kunali likulu la asilikali, si kutali ndi ife. Nkhalamba ina ya Chiyao, imene tsopano inatisiya, inandikhazika pa mkeka usiku wina wa beni, nindiuza za atate ache amene anagwidwa utengatenga, nasenza katundu wa nkhondo miyezi yambiri, anzao nafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Inati amene anabwerako amoyo anavina beni kuti aonetse kwao zimene anaziona, ndi kuti aseke zinthu zimene zinafuna kuwapha. Nchifukwa chache kapitao wa beni anyada mopitiriza, natukula chifuwa kufikira anthu agwa ndi phwete. Za nkhondo imeneyo ndinaziwerenga ku seminale m'buku la Chingerezi, koma m'bukumo munali maina a mafumu a ku Ulaya ndi masiku a nkhondo. Za munthu wa kunsi kwa Chikala wosenza bokosi la zipolopolo ndinazimva pa mkeka paja.

Magule ena ali chimodzimodzi. Tchopa wa Alomwe, ndi zikopa zache ndi akatundu amene ovina abereka kumsana, akumbutsa za alenje obwera kosaka ndi za kuthokoza pa zokolola. M'chaka cha 2014 bungwe la UNESCO linamlemba m'kaundula wa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ife tinakondwera, chinkana anganga a ku midzi ya Alomwe anadabwa kumva kuti Azungu a ku Paris angozindikira tsopano chinthu chimene iwo anabadwa nacho.

Ndiyankhe tsono funso lija. Ansembe oyamba a Montfort, amene anafika ku Nzama pa 25 Julaye 1901, ndi amene anawatsata ku Nguludi, ku Utale ndi ku Nankhunda, analetsa Akristu magule ambiri. Tisafulumire kuwaweruza, pakuti Akristu a masiku aja anali mbande zanthete, ndipo magule ena anali omangika pamodzi ndi nsembe za mizimu. Koma Eklezia ndi mai amene akula pamodzi ndi ana ache. Pa Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, kuyambira 1962 kufikira 1965, Aepiskopi a dziko lonse anaphunzitsa kuti zabwino za mtundu uli wonse zisatayidwe, koma ziyeretsedwe ndi kuperekedwa kwa Mulungu. Kuyambira pomwepo ng'oma ndi nthungululu zinalowa m'Misa. Ndipo ku Mua, m'chaka cha 1976, Bambo Claude Boucher anayamba nyumba ya Kungoni yosungira miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pa malo a misyoni penipeni. Chifukwa chache yankho langa ndi ili: mwana wa mnansi wako akatuluka ku jando kapena ku nsondo, pita, kamfupe, kondwera nao, pakuti iye anadza pamene mwana wako analandira Ukaristia woyamba, nadya mpunga wako. Koma pita ndi maso otsegula, ndipo dziwa nthawi yobwerera.

Pakuti sizonse za pa bwalo ziri zoyera, ndipo sindidzabisa. Kachasu amene agwetsa anyamata m'fumbi dzuwa likali pamutu, nyimbo zolaula zoimbidwa pamaso pa tiana, simba imene ichedwa kutuluka kufikira sukulu zatsegulira m'mwezi wa Seputembala, izi Mkristu asaziombere m'manja. Choipa choposa ndicho kuuza kamtsikana ka zaka 11 kuti tsopano wakula, akasase fumbi. Ilo ndi tchimo lalikulu, ndiponso mlandu pamaso pa Boma, limene m'chaka cha 2017 linakonza malamulo akulu a dziko kuti munthu wosafika zaka 18 ndi mwana. Ndinena mokondwa kuti pa zimenezi sitiri tokha: mafumu ambiri a m'boma la Machinga ndi mashehe omwe azidzudzula poyera, ndipo ndamva shehe wina alikunena mau owawa koposa anga. Nafenso tiyang'ane chilangizo chathu cha mu mpingo, ngati alangizi athu aphunzitsa ana zoona zokha zokha, kapena angosintha dzina la mwambo. Koma ulemu kwa akulu, kupirira, kusunga pakamwa, kugwira nchito osadandaula, zimene anamkungwi abwino aphunzitsa, nanga zimenezi zisiyana pati ndi lamulo lachinai la Mulungu?

Tsopano ndifika pa chinthu chimene chindilemera mu mtima koposa magule, ndicho nyanja. Inu nonse mudziwa kuti Chilwa ndi nyanja yosaya, yonga mbale yaphanthiphanthi, ndipo mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, dzuwa liimwa. Inauma m'chaka cha 1968, inaumanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'ambika, mabwato ali gwa pa mtunda. Mu 1995 ine ndinali mnyamata. Ndinabwera ku tchuthi ndi Chilatini changa m'mutu, ndipo ndinapeza asodzi alikulima pamene kale anaponya khoka. Anyamata anzanga anati nyanja yatha, tiyeni ku Mangochi kapena ku tauni. Koma nkhalamba zimene zinaona 1968 sizinatekeseke. Zinadziwa kumene nsomba zibisala: milamba, matemba ndi makumba zithawira m'maiwe akuya a m'mitsinje, monga Domasi ndi Likangala, ndi m'zithaphwi za kumathiriro, ndipo zimenezi ndizo mbeu ya nyanja. Mvula ikabwera zitsika ndi madzi, niziswana, ndipo patapita zaka ziwiri kapena zitatu nyanja idzalanso. Chifukwa chache munthu wothira katupe m'dziwe pa chaka cha chilala afanana ndi wokazinga chimanga chambeu. Pa nthawi imeneyo mafumu, asodzi ndi a Boma oyang'anira za nsomba anapangana kulonda maiwe aja, ndipo nsomba zinabwerera.

Nanga nzeru imeneyi iri kuti lero? Iri m'mitu ya anthu amene tiwaika m'manda mwezi ndi mwezi. Mnyamata wa m'zimbowera, amene agona pa madzi miyezi itatu osaponda kumudzi, sanaimve. Adziwa mtengo wa matemba ku Limbe, adziwa kusoka masikito a ku chipatala kuti akhale khoka lokokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, koma chifukwa chimene makoka aletsedwa m'miyezi ya mvula achiyesa nkhanza ya Boma. Chilwa idzaumanso, pakuti ndiwo mkhalidwe wache, monganso idzasefukira, ngati umo inachitira pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023, pamene madzi analowa m'minda ndi m'nyumba. Tsiku limenelo ana athu adzafuna munthu wowauza pothawira nsomba ndi pothawira anthu. Mau a akulu akoma akagonera, anatero makolo; koma akoma kwa iye yekha amene anawamva asanagone mwini wache. Ndipo malo owamvera ndi pa bwalo, pamene ng'oma yaitana anthu, asodzi atsika ku zimbowera, ndi a ku tauni abwera kudzaona ana otuluka ku simba. Gule asonkhanitsa anthu amene belu la tchalitchi kapena kalata ya mfumu siingathe kuwasonkhanitsa. Ndi chisoni kuwabalalitsanso osamva kanthu koma ng'oma yokha.

Monga ana asowa nzeru za akulu, akulunso asowa nzeru ina imene ana ali nayo, ndiyo ya malemba. Sukulu yaulere inayamba m'chaka cha 1994. Amene anali atakula kale pamenepo, makamaka amai, ambiri sanaponde m'kalasi. Ena makolo ao anaopa kuti sukulu ya misyoni idzawachotsa m'Chisilamu, ena anasowa ndalama, ena anakwatiwa akali ana. Anthu amenewa ndiwo alima mpunga umene tonse tidya. Taonani chimene chichitika pa nyengo ino. Wogula afika ndi sikelo yache, napachika thumba, natchula yekha chiwerengero, mai ali chiimire, maso pa nkhope ya wogulayo pakuti manambala a pa sikelo samuuza kanthu. Thumba liyenera kukhala makilogalamu 50. Wogula akabisa awiri okha pa thumba liri lonse, pa matumba khumi watenga 20, ndiko kunena pafupi theka la thumba, thukuta la masabata ambiri m'matope. Mwana wa ku Johannesburg akatumiza ndalama pa lamya ya m'manja, mai apereka lamyayo kwa mnyamata wa pa msika kuti amuwerengere, namuuza ndi nambala yachinsinsi yomwe. Ku banki m'khonde asonkha sabata ndi sabata, koma chimene mlembi alemba m'kope sachidziwa. Uku si kupusa ai. Amai amenewa asunga m'mutu ngongole za anthu makumi awiri osaphonya ndi imodzi. Chimene asowa ndi mfungulo chabe.

Ena amati: Ndakalamba ine, sukulu nja ana. Koma kuphunzira kwa akulu si chinthu chachilendo m'dziko lino. Pa Domasi pompa, m'chaka cha 1929, Boma linatsegula sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi okhwima kale anadza ndi akazi ao ndi ana ao, nakhala m'tinyumba ta chitsanzo, mwamuna naphunzira za sukulu ndi za ulimi, mkazi za ukhondo ndi kulera ana. Patapita zaka zowerengeka mafumu omwe anayamba kudza kudzakhala pa benchi. Ngati mfumu ya ndevu zoyera inagwira pensulo osachita manyazi, nanga iwe ndiwe yani? Pambuyo pache kunadza sukulu za kwacha, zimene Boma linazikhazikitsa m'dziko lonse m'chaka cha 1986. M'midzi ina zikalipo, m'midzi ina zinafa ndi kusowa kwa wophunzitsa.

Kwathu kuno tinayamba yathu pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi, Lachiwiri ndi Lachinai dzuwa litapendeka. Bolodi ndi chitseko chakale chopaka makala. Amene alibe kope alemba ndi chala pa mchenga. Sitiyamba ndi mau a m'buku la ana, pakuti munthu wa zidzukulu sakondwa kuimba za kalulu. Tiyamba ndi dzina la munthu mwini, kenaka dzina la mudzi wache, kenaka mau a nchito yache: mpunga, bwato, matemba, thumba, ngongole. Manambala tiwaphunzira pa sikelo yeniyeni imene tinabwereka kwa Mkristu wina wa golosale, ndipo aliyense apachika yekha mwala kapena dengu, natchula kulemera kwache. Pafupi theka la ophunzira ndi amai a Chisilamu. Poyamba amuna ao anakaika, nayesa kuti ndi msampha wa ubatizo. Ndinapita kwa shehe ndi kwa nyakwawa kukafotokoza, ndipo tinapangana kuti pa sukulu imeneyi sitidzaphunzitsa katekisimu, pakuti katekisimu ali ndi tsiku lache ndi anthu ache.

Mwa ophunzira athu muli anganga ena amene zaka zao zipitirira 60. Dzanja lao linazolowera khasu ndi chikwakwa, kotero kuti pensulo anaigwira ngati mpini, nathyola zitatu mwezi woyamba. Tsiku lina ndinawafunsa kuti: Anganga, nanga mulikuvutikiranji chotere pa msinkhu wanu? Iwo anati: Aphunzitsi, ine ndadinda chala moyo wanga wonse, pa chisankho, ku chipatala, pa makuponi a feteleza, ndifuna kuti ndisanafe ndione dzina langa likutuluka m'dzanja langa. Pa Pasaka wapitayu anaimirira mdzukulu wao pa ubatizo, ndipo pamene Abambo anatembenuza buku nawalozera pa mzere, anatulutsa pensulo yao m'mpango, nalemba. Anatenga nthawi yaitali, mzere wa anthu unaima kudikira, koma panalibe wodandaula.

Lamulo limodzi tiri nalo pa sukulu yathu, ndipo ndilikonda koposa ena onse: pomaliza phunziro, mmodzi wa ophunzira aimirira naphunzitsa ife chinthu chimene adziwa. Wina anationetsa kuluka mono kuti nsomba yaing'ono ipulumuke ndi yaikulu itsale. Wina anatchula maina a mbalame za m'nyanja oposa makumi atatu, ndi nyengo imene iri yonse iikira mazira, ndi zimene zichokera kutali ndi kubwerera. Wina anafotokoza kasungidwe ka mbeu ya mpunga kuti isafumbwe. Pamenepo ine ndikhala pa mchenga ndi kope langa, ndipo anyamata a ku sekondale amene atithandiza alemba zonse. Makope amenewa tsopano ali anai. Ndaona kuti munthu amene wapatsidwa mpata wophunzitsa sachitanso manyazi pophunzira, pakuti adziwa kuti sanadze kudzapempha chabe.

Apa ndilankhule ndi inu amene munaphunzira, ndipo ndidziika ndekha pakati panu. Ine ndinapita ku seminale ya Nankhunda, pa phiri la Zomba. Sindinafike pa unsembe, Mulungu anandikonzera njira ina. Koma zaka zimene ndinakhala kumeneko sindinadzilipirire ndekha. Azakhali anga anagulitsa matemba kuti ndipeze nsapato. Akristu a mphakati wathu anasonkha mpunga mbale mbale kuti ndikwere galimoto. Mnansi wathu, Msilamu wa kofia, anandipatsa sopo ndi ndalama pang'ono tsiku liri lonse lobwerera ku sukulu, nati: Mwanangu, kaphunzire, udzatiwerengere makalata. Palibe mmodzi wa iwo analemba ngongole imeneyi m'buku, ndipo ambiri anamwalira. Nanga ndidzabweza kwa yani? Kwa adzukulu ao, ndi kwa mudzi umene anausiya. Yense wa inu amene ali ndi setifiketi m'sutikesi, akakhala pansi nawerenga bwino, adzapeza azakhali ache ndi mnansi wache wa kofia.

Alipo ana a mudzi uno ku Blantyre, ku Lilongwe, ndi kutsidya kwa Limpopo, amene atumiza ndalama za malata ndi za maliro. Mulungu awadalitse, pakuti popanda iwo nyumba zambiri zikadagwa. Koma ndiona enanso amene afika pa tsiku la gule ndi galimoto, naima pambali ndi magalasi akuda, naponya ndalama za mapepala pa mutu pa wovina kuti anthu aone, nabwerera dzuwa lisanalowe. Ndalama ija itha usiku womwewo. Mwana wathu amene ali namwino akadakhala ola limodzi ndi amai pansi pa mtengo, nawauza za kolera, imene ibuka kawirikawiri m'mbali mwa nyanja ino ndipo inapha anthu ochuluka m'dziko lonse mu 2022 ndi 2023, akadasiya chinthu chokhalitsa. Amene agwira nchito ya maakaunti akadaona kope la banki m'khonde. Mmisiri wa matabwa akadatenga anyamata awiri pa tchuthi. Aphunzitsi opuma nchito tiri nao atatu m'dera lino, ndipo mmodzi yekha ndiye adza Lachinai. Madzi saiwala khwawa. Koma madzi amene angodutsa mothamanga sanyowetsa munda.

Chitsanzo tisachifune kutali. Balaka anali mbali ya boma lathu la Machinga kufikira 1998. Kumeneko m'chaka cha 1978 Bambo Mario Pacifici ndi anyamata a pa parishi, pakati pao Paul Banda, anayamba gulu loimba la Alleluya. Chinali chinthu chaching'ono cha pa mpingo. Koma amene anadziwa gitala anaphunzitsa mnzache, mnzacheyo naphunzitsa wina. Paul Banda anatsegula nyumba yojambulira nyimbo imene oimba ambiri osauka anayambirapo, mng'ono wache Lucius, amene anamwalira mu 2024, nayenso anakweza ena ambiri, kufikira dziko lonse linadziwa kuti kuli maimbidwe a ku Balaka. Pambali pa gulu loimbalo panaphuka Andiamo, ndi sukulu zache za umisiri ndi chipatala. Zonsezi zinayamba ndi anthu osonkhana madzulo kudzaimba. Ndipo tikabwerera m'mbuyo, Eklezia mwini anafalikira m'midzi muno mwa njira yomweyo. Ansembe anali owerengeka. Wansembe woyamba wa dziko lino, Bambo Cornelio Chitsulo, anadzozedwa mu 1937, zaka 36 chifikire a Montfort ku Nzama. Zaka zonsezo amene anasenza nchito m'midzi anali aphunzitsi oyenda pansi, anthu odziwa kuwerenga pang'ono chabe, amene chaching'ono chimene analandira pa misyoni anakachigawa pansi pa mtengo, m'mawa kwa ana, madzulo kwa akulu.

Tsono mverani chimene akulu a mpingo apangana pa chaka cha Maria Wotengedwa Kumwamba, pa 15 Ogasiti. Itatha Misa sitidzabalalika monga mwa masiku onse, koma tidzatsikira ku bwalo la mfumu, pakuti nyakwawa yatilola, ndipo shehe ndi akulu a mipingo ina taitana. Kwaya idzaimba, a beni a kutsidya kwa mtsinje avomera kudza, ndi amai a Chilomwe adzabwera ndi ng'oma zao. Koma pakati pa gule ndi gule padzakhala mau. Nkhalamba ziwiri zimene zinayenda pansi mu 1968 pamene lero payenda mabwato zidzafotokoza zimene zinaona, ndi maina a maiwe amene nsomba zinabisalamo, anyamata adzalemba. Ophunzira a sukulu ya kwacha adzawerenga kalata imene alemba okha kwa ana ao a kutali, ndipo sikelo idzapachikidwa pa mtengo kuti yense wofuna ayese maso ache. Mowa pa bwalo sipadzakhala, ndipo nyama idzaphedwa ndi mnansi wa Chisilamu kuti tonse tidye mbale imodzi. Ana obwera ku tauni asadzakhale pa mipando ya kutsogolo ngati alendo. Yense adzafunsidwa pamaso pa anthu chimene adziwa, ndi tsiku limene angadze kudzachiphunzitsa.

Banja liri lonse litenge mkeka wache, mbale ziwiri za mpunga wosaphika zikaperekedwe kwa amai a bungwe pofika Lamulungu la patsogolo pache, ndipo amene ali ndi makope otsala a ana kapena mapensulo, ngakhale aafupi, awabweretse kwa ine. Agogo amene miyendo yawakana musawasiye kunyumba. Anyamata a mphakati uli wonse akonze njinga zowatengera. Sukulu ya pansi pa mango idzalembanso maina atsopano Lachiwiri lotsatira.

Ndine wanu mwa Ambuye athu Yesu Kristu,
Mphunzitsi wa mpingo, ku Mposa.